Mawu a Anthu Otchuka pa Nkhani ya Katemera wa Ana

Masiku ano si chachilendo kumva woimba, katswiri wa mpira kapena wochita masewero a pa kanema akulankhula pa wailesi, kuuza makolo kuti apite ndi ana awo ku katemera. Zithunzi zawo zimamatidwa m'makoma a zipatala, atanyamula khanda kapena akudonthezera katemera m'kamwa mwa mwana. Anthu ena amakondwera nazo. Ena amang'ung'udza, nafunsa kuti kodi woimba adziwa chiyani za chikuku? Nanga munthu wokhala m'nyumba ya magetsi ku mzinda wakutali angamulangize bwanji mayi amene amayenda mtunda wa maola awiri, mwana ali kumbuyo, kuti akafike ku sikelo?

Funso limeneli ndi loyenera ndipo lifunika kuyankhidwa mosakondera. Mbiri ya katemera ikuonetsa kuti anthu otchuka athandizadi, kotero nkoyenera kuwalandira ndi manja awiri. Mbiri yomweyo ikuonetsanso kuti thandizo lawo lili ndi malire, ndipo kholo losadziwa malirewo likhoza kutaya mwana ngakhale lidamva uthenga wonse pa wailesi.

Mmene Zinayambira

Bungwe la UNICEF, limene limayang'anira za moyo wa ana pa dziko lonse, ndilo linayambitsa mwambo wosankha munthu wotchuka kuti akhale kazembe wolankhulira ana. Woyamba anali Danny Kaye, wochita nthabwala wa ku America, amene anasankhidwa m'chaka cha 1954 nagwira ntchitoyo mpaka imfa yake mu 1987. Patangopita zaka ziwiri chisankhidwire iye, mu October 1956, woimba Elvis Presley anapinda mkono wa malaya ake ku New York nalandira katemera wa poliyo pamaso pa atolankhani, pofuna kulimbikitsa achinyamata amene ankanyozera katemerayo.

Koma zonsezi zinkachitika pamene ana a m'maiko osauka anali asanayambe kulandira katemera mokwanira. M'chaka cha 1974, pamene Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yofalitsa katemera, ana a m'maiko amenewa olandira katemera sankafika ngakhale 5 mwa ana 100 alionse. Ndondomekoyo inalimbana ndi matenda asanu ndi amodzi: chifuwa chachikulu, chikuku, poliyo, kafumbata, chifuwa chokoka mtima ndi matenda a zilonda zotseka kukhosi. Dziko la Malawi linalowa m'ndondomeko imeneyi mu 1979.

Ntchito inakula mphamvu pamene James Grant anakhala mkulu wa UNICEF mu 1980. Iye ankakhulupirira kuti katemera sangafike kwa mwana aliyense ngati nkhani yake ingosiyidwa m'manja mwa madokotala okha. Choncho anayendera atsogoleri a maiko, akuluakulu a mipingo, eni mawailesi ndi anthu otchuka, kuwapempha kuti aliyense agwireko. Ku Colombia mu 1984 mtsogoleri wa dzikolo, Belisario Betancur, anatsogolera yekha masiku atatu a katemera wa dziko lonse. Ku El Salvador mu 1985 boma ndi zigawenga anavomera kuleka kumenyana kwa masiku atatu osiyana kuti ana atemeredwe, ndipo mpingo wa Katolika ndiwo unali mkhalapakati. Ku Turkey chaka chomwecho aphunzitsi ndi atsogoleri a m'mizikiti analowa m'ntchito yofuna kutemera ana pafupifupi 5 miliyoni. Audrey Hepburn, mayi wodziwika kwambiri pa kanema, anayamba maulendo ake m'dzina la UNICEF mu 1988, napita ku Ethiopia, kenaka ku Turkey kukaona ntchito ya katemera. Mabungwe awiriwa analengeza kuti pofika 1990 ana pafupifupi 80 mwa 100 alionse pa dziko lapansi anali kulandira katemera.

Zimene Anthu Otchuka Amatha Kuchita

Akale anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Pali zinthu zitatu zimene munthu wotchuka amatha kuchita, zimene mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi sangazithe ngakhale atalimbikira chotani.

Choyamba, mawu ake amafika m'makutu mwa olamulira ndi a eni chuma. Katemera amaperekedwa mwaulere ku chipatala, koma pali wina amene amamugula, kumunyamula pa ndege ndi kulipira mafuta a galimoto. Ndalama zimenezi zimatuluka pokhapokha akuluakulu atamva kuti anthu ambiri akuyang'ana. M'chaka cha 1996 Nelson Mandela anatsegulira kampeni yothamangitsa poliyo mu Africa, mogwirizana ndi bungwe la Rotary, ndipo kampeniyo inatenga chithunzi cha mpira wamiyendo, masewera okondedwa ndi anthu a m'chigawo chonsechi. Nthawi imeneyo poliyo inkapuwalitsa ana pafupifupi 75,000 chaka chilichonse mu Africa. Pempho lochokera kwa munthu ngati Mandela silikanatheka kuikidwa pansi pa mapepala ena pa tebulo la nduna.

Chachiwiri, munthu wodziwika amachotsa mantha pochita yekha chimene akuuza anzake. Mu 2003 kumpoto kwa Nigeria kunabuka mphekesera yakuti katemera wa poliyo anathiridwa mankhwala oletsa kubereka. Chigawo cha Kano chinaimitsa katemerayo kwa miyezi yambiri, ndipo m'zaka zotsatira poliyo inafalikira m'maiko pafupifupi 20 amene anali atathana nayo kale, mpaka kukafika ku Yemen ndi Indonesia. Katemera atayambiranso mu 2004, bwanamkubwa wa Kano analola kuti mwana wake wamkazi adonthezeredwe katemera pamaso pa anthu, ndipo pambuyo pake mafumu a kumpotoko, motsogozedwa ndi Sultan wa ku Sokoto, anaitenga ntchitoyo kukhala yawo. Mayi amene waona mwana wa mtsogoleri akumeza madontho omwewo safunanso kulongosoleredwa zambiri.

Umboni wa munthu amene anadwalapo umalemera koposa. Bishopu wamkulu Desmond Tutu wa ku South Africa, amene anathandiza bungwe la Rotary pa nkhondo yolimbana ndi poliyo, anadwala nthendayi ali mwana ndipo dzanja lake lamanja linatsala lofooka. Ku Somalia kunali Ali Maow Maalin, wophika pa chipatala cha ku Merca, amene anatchuka chifukwa anali munthu womaliza pa dziko lapansi kudwala nthomba yofala mwachilengedwe, mu 1977. Iye anali atazemba katemera wa nthomba poopa jakisoni. Atachira anadzipereka pa ntchito ya katemera wa poliyo, kuyenda m'midzi ndi kusimba mbiri yake kwa makolo okayika, mpaka anamwalira ndi malungo mu 2013 ali pa ntchito yomweyo.

Chachitatu, mawu odziwika amakumbutsa anthu tsiku ndi malo, ndipo amadzutsa amene ayamba kutopa. Ku India mu 2002 ana pafupifupi 1,600 anapezeka ndi poliyo, ambiri mwa iwo a m'chigawo cha Uttar Pradesh. Chaka chimenecho Amitabh Bachchan, katswiri wa kanema wodziwika m'nyumba iliyonse ya dzikolo, anayamba kulankhula pa wailesi ndi pa kanema za madontho awiri a katemera. Sankanyengerera ayi. Ankalankhula mokalipa, monga mwini mbumba wokwiya ndi makolo onyalanyaza ana, ndipo anthu anamvera. Mwana womaliza kupuwala ndi poliyo yofala mwachilengedwe ku India anapezeka mu January 2011, ndipo mu 2014 dzikolo linavomerezedwa kuti lathana nayo.

Pamene Mphamvu Yawo Imathera

Nkhani ya ku India imasimbidwa kawirikawiri ngati kuti munthu mmodzi anagonjetsa poliyo ndi pakamwa pake. Zoona zake nzakuti pa tsiku lililonse la katemera wa dziko lonse, anthu oposa 2 miliyoni ankatuluka ndi mabokosi ozizira kukafuna ana pafupifupi 170 miliyoni. Ankayenda khomo ndi khomo, kupaka inki pa chala cha mwana aliyense wolandira ndi kulemba ndi choko pa khoma la nyumba iliyonse. Ankadikira ana m'malo okwerera sitima ndi m'malo oumba njerwa kumene mabanja osamukasamuka amagwira ntchito. M'madera amene makolo ankakana, amayi a m'deralo ndi atsogoleri achisilamu ndiwo ankabwerera kunyumba imodzi kawiri, katatu, mpaka mwini nyumba atatsegula chitseko. Mawu a pa kanema anafewetsa mitima, koma madontho anafika m'kamwa mwa ana chifukwa cha miyendo ya anthu amene maina awo sanalembedwe m'nyuzipepala.

Katemera ndi chinthu chosachedwa kuonongeka. Ambiri afunika kusungidwa pa kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuchokera kumene anapangidwa mpaka pa tebulo la pansi pa mtengo pamene pachitikira sikelo. Firiji ikazima kwa nthawi yaitali, mlatho ukakokoloka ndi madzi, njinga ya mlangizi ikathyoka, mwana satetezedwa ngakhale woimba ataimba usiku wonse. Boma kapena bungwe limene limaononga ndalama zambiri pa zikwangwani ndi maphwando otsegulira, pamene chipatala chaching'ono chilibe firiji yogwira ntchito, lasokoneza mutu ndi mchira.

Malire ena ndi akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wotchuka amabwera tsiku limodzi, najambulidwa, napita. Ana amabadwa tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense afunika kupita ku sikelo kangapo asanakwanitse zaka ziwiri. Atangobadwa amalandira katemera wa chifuwa chachikulu ndi madontho oyamba a poliyo. Akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14 amalandira katemera wophatikiza matenda asanu, wa chibayo ndi wa poliyo, ndipo m'maulendo omwewa amalandiranso wa matenda otsekula m'mimba. Pa miyezi 9 amalandira woyamba wa chikuku, ndipo wachiwiri amabwera pa miyezi 15. Makolo ambiri amayamba bwino, koma amagwa mphwayi mwana akayamba kukwawa ndi kuoneka wamphamvu. Palibe woimba amene adzabwere kudzakumbutsa mayi za ulendo wa pa miyezi 15.

Dziko lapansi linaphunzira zimenezi mowawa. Chikondwerero cha mu 1990 chitatha, akuluakulu ambiri anatembenukira ku nkhani zina, ndalama zinachepa, ndipo m'maiko ena a mu Africa chiwerengero cha ana otemeredwa chinatsika. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la Gavi linakhazikitsidwira m'chaka cha 2000, kuti maiko osauka azipeza katemera mosadukiza. Kuno ku Malawi, mu 2010 kunagwa mliri wa chikuku umene unagwira anthu oposa 130,000 ndi kupha oposa 300, patapita zaka zambiri nthendayi ikuoneka ngati yatha. Katemera mmodzi woperekedwa pa miyezi 9 amateteza ana pafupifupi 85 mwa 100, kotero chaka ndi chaka kumatsala ana ena osatetezedwa, ndipo akachuluka mliri umabuka. Nchifukwa chake kunayambitsidwa katemera wachiwiri. Chikuku chimafala msanga koposa matenda ambiri: kachilombo kake kamakhalabe mumpweya wa m'chipinda kwa maola awiri wodwala atatulukamo, ndipo kuti mudzi ukhale wotetezeka pafunika ana 95 mwa 100 alandire katemera kawiri.

Poliyo nayo inapereka phunziro lomwelo. Mu August 2020 Africa inalengezedwa kuti yathana ndi poliyo yofala mwachilengedwe. Koma mu February 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi nthendayi, koyamba m'dziko muno chiyambire 1992, ndipo akatswiri anapeza kuti kachilomboko kanali kochokera ku Pakistan. Ana ena anapezekanso ku Tete m'dziko la Mozambique. Panafunika maulendo angapo a katemera wa khomo ndi khomo m'Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe kuti mliriwo ulengezedwe kuti watha mu 2024. Kachilombo sikadziwa malire a dziko, ndipo kamafunafuna mwana amene anatsala.

Choopsa Chodalira Kutchuka

Pali chinthu china chimene okonza makampeni sakonda kuchitchula. Kutchuka ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Kholo limene latemetsa mwana chifukwa chokha chakuti munthu wotchuka wanena, lidzalekanso tsiku limene munthu wina wotchuka adzanene zosiyana.

Zimenezi zinachitikadi. Mu 1998 dokotala wina wa ku Britain, Andrew Wakefield, anafalitsa lipoti loganizira katemera wa chikuku kuti amasokoneza kakulidwe ka ubongo wa ana. Kafukufuku wa ana ochuluka m'maiko osiyanasiyana sanapeze umboni wa zimenezo. Mu 2010 magazini imene inasindikiza lipotilo inalichotsa, ndipo iye analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala. Komabe anthu ena odziwika pa kanema anali atalitenga kale bodzalo ndi kulifalitsa, ndipo chikuku chinabwerera m'madera amene chinali chitasowa. Lero bodza lotere silifunanso ndege kuti lifike kumudzi. Limalowa pa foni ya m'manja, m'mawu a munthu wolankhula mokoma, nthawi zina wovala zaubusa kapena chovala choyera cha kuchipatala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono kholo lanzeru limamvera munthu wotchuka monga momwe limamvera ng'oma ya kwa mfumu: ng'oma ikalira munthu amapita kubwalo kukamva nkhani yeniyeni. Bwalo la nkhani ya katemera ndi chipatala. Kumeneko mayi ali ndi ufulu wofunsa kuti katemera uyu ngwa nthenda yanji, mwana adzamva bwanji akalandira, ndipo abwerenso liti. Wogwira ntchito ya chipatala ali ndi udindo woyankha moleza mtima ndi moona. Afotokoze kuti mwana akhoza kutentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri, kuti pobayidwa pakhoza kutupa, ndi kuti katemera wa chifuwa chachikulu amasiya kachilonda kamene kamapola kokha nikasiya chipsera pa mkono. Afotokozenso kuti mwana akatentha thupi kwambiri, akakomoka kapena akakana kuyamwa, abwere naye msanga. Mayi wouzidwa zoona sathawa akaona mwana akulira usiku. Mayi wokalipidwa chifukwa chofika mochedwa kapena chotaya kabuku ka mwana, kawirikawiri sabweranso, ndipo chimene woimba anamanga pa wailesi chimagumulidwa ndi lilime la munthu mmodzi pa khonde la chipatala.

Chifukwa chenicheni chokhulupirira katemera chili m'zimene zaoneka ndi maso. Agogo ambiri akukumbukira nthomba, mmene inkapululira midzi ndi kusiya anthu akhungu ndi a zipsera kumaso. Nthendayi inalengezedwa kuti yatheratu pa dziko lonse mu 1980, ndipo chinaithetsa ndi katemera. Mu 1988 poliyo inkapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pa chaka m'maiko 125, pamene lero mtundu wake wofala mwachilengedwe watsala m'maiko awiri okha, Pakistan ndi Afghanistan. Kafukufuku wotsogozedwa ndi WHO amene anatuluka mu 2024 anapeza kuti m'zaka 50 katemera anapulumutsa miyoyo pafupifupi 154 miliyoni, yambiri mwa iyo ya makanda. Umboni wotere sudalira nkhope ya munthu aliyense.

Otchuka a Pamudzi

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pa mudzi uliwonse pali anthu amene mawu awo amalemera kuposa a katswiri aliyense wa kanema. Nyakwawa ikalengeza pa msonkhano kapena pa maliro kuti sikelo ili Lachitatu, anthu amapita. Abusa ndi mashehe akanena pa tsiku la mapemphero kuti kuteteza mwana sikutsutsana ndi chikhulupiriro, mitima yokayika imakhazikika. Apongozi ndi agogo aakazi ndiwo kawirikawiri amalamula ngati khanda lituluke m'nyumba kapena ayi. Mphunzitsi, mkulu wa gulu la amayi, kaputeni wa timu ya mpira ya pamudzi, onsewa ali ndi anthu owayang'ana. Iwowa sachoka kampeni ikatha. Amadziwa nyumba imene muli mwana wobadwa mwezi watha, ndi banja limene langosamukira kumene kuchokera kutsidya kwa malire.

Abambo nawo afunika kutchulidwa mwapadera. Zithunzi zambiri za katemera zimaonetsa mayi ndi mwana, ngati kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Komatu m'mabanja ambiri bambo ndiye mwini njinga, ndiye amasunga ndalama ya ulendo, ndipo nthawi zina ndiye amaletsa. Bambo mmodzi wolemekezeka akaoneka ku sikelo atanyamula mwana wake, kabuku kali m'thumba la malaya, amaphunzitsa amuna anzake zimene chikwangwani sichingathe.

Choncho anthu otchuka apitirize kulankhula, ndipo boma ndi mabungwe apitirize kuwaitana. Koma posankha, asankhe amene akudziwa zimene akunena, amene ana awo analandira katemera, ndi amene angavomere kubweranso chaka chamawa popanda wojambula. Uthenga wawo uzitchula tsiku, malo ndi kufunika komaliza katemera yense. Ndipo ndalama yoyamba izipita ku firiji, ku njinga ndi kwa mlangizi wa zaumoyo, yotsala ndiyo ipite ku zikwangwani.

Kwa kholo limene lakhala pa benchi kudikira kuitanidwa, ntchito ndi yochepa ndiponso yomveka. Litsegule kabuku ka mwana aliyense wosakwana zaka zisanu, lione ngati mizere yonse ya katemera inalembedwa. Ngati pali mzere wopanda kanthu, lisonyeze namwino kapena mlangizi lero lomwe, pakuti mwana amene anaphonya tsiku sayambiranso poyamba, amangopitiriza pamene analekera. Chimfine kapena kutsokomola pang'ono si chifukwa chomuphonyetsera katemera. Ndipo pobwerera kumudzi, kholo limenelo lidzere pa khomo la mnansi amene sanaoneke ku sikelo mwezi uno, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo chikuku chikalowa m'nyumba imodzi sichifunsa kuti mpanda wathera pati.